Ndemanga: maphunziro a Loweruka a kasungidwe ka deta ku Zomba

Kwa masabata 6 ndakhala ndikupita Loweruka lililonse ku maphunziro a kasungidwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka deta (ziwerengero ndi mfundo zina zosungidwa pa kompyuta) omwe kampani ina yaing'ono imachititsa m'chipinda chapamwamba pafupi ndi depoti ya mabasi muno mu Zomba. Anzanga angapo amene tikuchita nawo digiri yachiwiri ya zamalonda akhala akundifunsa ngati maphunzirowa ndi oyenera kulipirira, makamaka kwa munthu amene sakufuna kudzakhala katswiri wa makompyuta, ndipo yankho langa ndi lakuti ndi oyenera, ngakhale ali ndi zofooka zimene nditchule kutsogoloku.

M'kalasi tinalimo anthu 14, ndipo pafupifupi aliyense anali ndi ntchito yakeyake: akauntanti, oyang'anira antchito, ogula katundu wa m'maofesi, wotsatsa malonda mmodzi, ndi ine amene ndimagwira ntchito ku bungwe lokongoza ndalama kwa amalonda ang'onoang'ono. Aphunzitsi sanayambe ndi kutionetsa mapulogalamu. Anatiuza kuti aliyense abweretse fayilo ya kuntchito kwake, atachotsamo mayina a anthu, ndipo mafayilo amenewo ndiwo anali buku lathu kwa masabata atatu oyamba. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya maphunzirowa.

Mayi wina amene amasunga mabuku a bizinesi yopikulitsa mpunga anaika fayilo yake ya Excel pa pulojekita, ndipo anatiuza molimba mtima kuti makasitomala ake ambiri ali ku Chinamwali. Aphunzitsi anamupempha kuti asanje mndandanda wa malo motsatira zilembo. Tinapeza kuti msika umodzi womwewo unalembedwa katatu, pena "Mpondabwino", pena "Mponda Bwino", penanso "M/bwino", moti kompyuta inkauwerenga ngati misika itatu yosiyana. Atauphatikiza, Mpondabwino inaposa Chinamwali kutalitali. Mayiyo anakhala chete kwa kanthawi kenako nkunena kuti kwa chaka chathunthu galimoto yawo yakhala ikuyambira kolakwika. Palibe chimene chinali chovuta pa masamu ake. Chimene chinasowa ndi lamulo limodzi la kalembedwe ka dzina la malo, loti aliyense wolowetsa deta azilitsata.

Kuchokera tsiku limenelo aliyense anayamba kuona vuto lomwelo pa ntchito yake. Oyang'anira antchito anapeza kuti munthu mmodzi akhoza kuoneka kawiri pa mndandanda wa malipiro ngati dzina lokha ndi limene likumusiyanitsa ndi anzake, ndipo anaphunzira kugwiritsa ntchito nambala ya chiphaso cha unzika, chomwe Amalawi ambiri analembetsa mu 2017, ngati chizindikiro chosabwerezeka. Nkhaniyi ikukhudza ndalama, chifukwa lamulo la penshoni limafuna kuti olemba ntchito azipereka 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti, ndiye kulakwitsa mzere umodzi kumatsatira munthu mpaka tsiku lopuma ntchito. Ogula katundu anaphunzira kutchula mafayilo a makoteshoni m'njira yoti owerengera ndalama akabwera patatha zaka ziwiri, wina aliyense mu ofesi akhoza kuwapeza ngakhale mwini wake ali ku maliro kumudzi. Ine ndinazindikira kuti malipiro a ngongole obwera kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba tinkawasunga m'mafayilo awiri okhala ndi kalembedwe kosiyana ka madeti, moti 03/04 inkatanthauza 3 Epulo kwina ndi 4 Malichi kwinako.

Sabata yachinayi ndi imene ndinaikonda kwambiri. Tinatenga ziwerengero za kukwera kwa mitengo zimene ofesi ya boma yoona za ziwerengero, ya National Statistical Office, imatulutsa mwezi ndi mwezi, nkuziika pambali pa ziwerengero zathu za malonda. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabizinesi ambiri anayamba kuona ndalama zolowa zikukwera papepala, ndipo wotsatsa malonda wa m'kalasi mwathu anali atalembadi lipoti lonena kuti kampeni yake inayenda bwino. Atachotsa gawo la kukwera kwa mitengo, anapeza kuti katundu amene anagulitsa anali wochepa kuyerekeza ndi chaka cham'mbuyo. Zimandidabwitsa ndithu kuti likulu la ofesi imeneyi lili konkuno ku Zomba, pamodzi ndi National Archives yosunga zikalata za dziko, koma ambirife tinali tisanatsegulepo ngakhale lipoti la kalembera wa 2018, amene anapeza kuti m'dziko muno munali anthu 17.5 miliyoni, kuti tione kukula kwa msika wa boma lathu lomwe.

Zofooka zilipo, ndipo sizazing'ono. Makompyuta ogwira ntchito anali 10 okha, moti ena ankakhalirana awiriawiri, ndipo Loweruka lina magetsi atazima tinadikira ola lathunthu chifukwa jenereta inalibe mafuta. Sabata yachisanu, ya Power BI, pulogalamu yoonetsera deta m'matchati, inathamangitsidwa, ndipo aphunzitsi anasiya mafayilo athu nkuyamba kugwiritsa ntchito deta ya sitolo ina ya njinga ya ku America, zimene zinachititsa kuti chidwi cha kalasi chizilale. Chimene chinandikhumudwitsa koposa ndi chakuti nkhani ya malamulo inapatsidwa mphindi zosakwana 40 pa tsiku lomaliza. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza deta ya anthu la 2024, ndipo anthu onga ife, amene timagwira manambala a foni, malipiro ndi ngongole za anthu, tinkayenera kukhala tsiku lonse tikukambirana za amene ali ndi chilolezo choona fayilo, za kutumiza mndandanda wa malipiro pa gulu la WhatsApp, ndi za nthawi yoyenera kufufuta zimene sizikufunikanso.

Malipiro ake si opepuka kwa munthu amene akudzilipirira yekha fizi ya kuyunivesite, ndipo setifiketi yake siionjezera kalikonse pa digiri. Amene amadziwa kale SQL, chilankhulo cha kompyuta chofufuzira deta, adzaona kuti masabata awiri oyamba akuchedwa. Kwa enafe, ndingalangize kuti mupite ndi laputopu yanu yodzaza moto, mutenge fayilo yeniyeni imene imakuvutitsani kuntchito, ndipo ngati mwayamba kulemba kafukufuku wa digiri yanu, mupite musanatolere deta, chifukwa ine ndinapita nditatolera kale ndipo mafomu anga 60 ndikuwalowetsanso kachiwiri.