Mtsutso wa ofuna upulezidenti: kodi umathandiza kudziwa ngati munthu wakulitsa msinkhu?

Kuyambira chisankho cha 2014, anthu ofuna mpando wa pulezidenti amaitanidwa ku mtsutso womwe umaulutsidwa pa wailesi ndi pa kanema. Amaukonza ndi mabungwe angapo motsogozedwa ndi bungwe la atolankhani la MISA Malawi, ndipo womvera salipira kanthu kupatula mabatire kapena bandulo. Pano tikuuyeza ndi funso limodzi lomwe limautsa mkangano pa Dedza boma, pa Linthipe ngakhale pa Chimbiya: kodi munthu wa zaka zambiri aletsedwe kuimira? Kuona kwathu n'kwakuti mtsutsowu umayankha funsoli bwino kuposa kuwerenga zaka, koma uli ndi chibowo chachikulu.

Malamulo aakulu a dziko, pa gawo 80, amafuna kuti woimira upulezidenti akhale ndi zaka zosachepera 35. Malire a kumtunda palibe. N'chifukwa chake a John Tembo, mwana wa kuno ku Dedza, anaimira mu 2009 ali ndi zaka 76, ndipo a Peter Mutharika anapambana chisankho cha pa 16 September 2025 ali ndi zaka 85. Ofuna malire amafunsa kuti: ngati mphunzitsi wa boma amapuma pa zaka 60, nanga woyendetsa dziko lonse? Otsutsa amayankha kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mbali zonse zikunena zoona, koma palibe mbali imene ikutiuza za munthu weniweni amene ali pa pepala lovotera. Nelson Mandela anayamba kulamulira South Africa ali ndi zaka 75 mutu uli gwa. Ena amafooka asanafike n'komwe pamenepo.

Ubwino wa mtsutso ndi woti munthu amaima yekha. Pa msonkhano wachipani pamakhala oimba, oyankhula oyambirira, ndi pepala lolembedwa ndi ena. Mtsogoleri akhoza kuyankhula mphindi zochepa n'kukwera galimoto anthu akuvina. Pa mtsutso palibe wonong'oneza. Funso limabwera, nthawi imawerengedwa, mnzake amamutsutsa pomwepo. Ku America, mu June 2024, Joe Biden wa zaka 81 analephera kulumikiza mfundo zake pa mtsutso ndi Donald Trump, ndipo mwezi wotsatira anasiya kupikisana. Lamulo la zaka silinamuchotse. Anthu anaona okha.

Koma kuti mupindule muyenera kumvera mwadongosolo, apo ayi mudzangotengeka ndi wokweza mawu. Tengani kope, mulembe dzina la woimira aliyense pamwamba pa tsamba lake. Funso likafunsidwa, lilembeni mwachidule, kenako muone ngati yankho lagwera pa funsolo. Wandale aliyense amazemba, wamng'ono ndi wamkulu yemwe, ndiye musiyanitse kuzemba ndi kusokera. Wozemba amadziwa kumene akupita, amachoka pa funso la mafuta a galimoto n'kukafika pa mfundo imene amaikonda. Wosokera amayamba chiganizo osachimaliza, amabwereza nkhani yomwe wangoinena kumene ngati yatsopano, kapena amayankha funso lapita lija. Chachiwirichi ndicho chizindikiro choyenera kuchilemba.

Mvetserani manambala. Akamakamba za feteleza, atchule mtengo wa thumba la makilogalamu 50 umene mlimi wa kachewere wa ku Bembeke angauvomereze, osati wa zaka zisanu zapitazo. Akalonjeza chinthu, anene kumene ndalama zichokere. Munthu amene akutsatira yekha za dziko amakhala ndi manambala a chaka chino pakamwa. Amene amangouzidwa amakhala ndi mawu okoma opanda chiwerengero.

Chofunika kwambiri, ndipo ambiri amachiphonya, ndi kumvera mpaka kumapeto. Poyamba aliyense amakhala ndi mphamvu komanso mayankho oloweza. Kutopa kumaonekera cha kumathero, makamaka pamene wina wamutsutsa pa mfundo imene sanaikonzekere. Yerekezani zomwe mwalemba pa mafunso awiri oyamba ndi awiri omaliza. Ntchito ya pulezidenti ndi misonkhano yaitali, maulendo ndi mapepala owerenga usiku, choncho ola lomalizali ndi limene likufanana ndi ntchitoyo.

Pali zina zomwe si zizindikiro konse, ndipo n'kulakwa kumuweruza nazo munthu: ndodo yoyendera, imvi, mawu onjenjemera, kupempha kuti funso libwerezedwe chifukwa makutu sakumva bwino. Apa wailesi imaposa kanema, chifukwa maso amathamangira mayendedwe a munthu n'kuiwala zimene akunena. Mbali inayi, kuyankhula mothamanga si umboni wa nzeru.

Za kamvedwe kake kuno: m'zigwa za pakati pa mapiri FM imaphokosera. Yesani wailesi yanu masana, mupeze siteshoni yomwe ikumveka bwino, mutambasule eriyo pafupi ndi zenera, ndipo mukhale ndi mabatire apadera poti magetsi sapanganika. Wailesi ya m'foni imafuna mahedifoni a waya chifukwa wayayo ndiye eriyo yake. Oonera pa Facebook atsitse kaonekedwe ka chithunzi kuti bandulo ifike kumapeto. Malo oonetsera mpira ndi abwino pa chithunzi koma oipa pa makutu, poti otsatira zipani amakuwiza yankho lisanathe. Ndipo musadalire tizidutswa ta pa WhatsApp ta m'mawa mwake. Kachidutswa ka masekondi ochepa kakhoza kuonetsa munthu wanzeru ngati wosokonezeka, kapena wosokonezeka ngati katswiri.

Tsono chibowo chija. Palibe lamulo lokakamiza woimira kubwera. Mu 2019 a Peter Mutharika sanapite ku mtsutso, ndipo mu 2025 iwo pamodzi ndi a Lazarus Chakwera sanapezekeko, chonsecho awiriwa ndi amene anapeza mavoti ochuluka. Zili ngati sikelo yabwino pa msika imene ogulitsa akuluakulu akukana kuikapo katundu wawo. Kusabwera sikutanthauza kuti munthu akudwala. Zipani zimawerengera zopindula ndi zotaya. Koma wovota amatsala wopanda poyezera, ndiye amabwerera ku mphekesera ndi kuwerenga zaka.

Zofooka zina n'zing'onozing'ono koma zimapweteka. Oyankhula akatembenukira ku Chingerezi, agogo a ku Mayani amene adzavote amatsala m'mbuyo. Nthawi yoyankhira ikafupika kwambiri, woloweza amapambana woganiza. Ndipo woyendetsa mtsutso akapanda kubwezera funso lomwe lazembedwa, mtsutso umasanduka msonkhano wachipani.

Pali chinanso chimene mtsutso sungathe: sunena za mawa. Munthu amene wayankha bwino lero ali ndi zaka zisanu kutsogolo. Kamuzu Banda anachitidwa opaleshoni ya m'mutu ku South Africa mu October 1993, dziko n'kugwiriziridwa ndi khonsolo yotsogozedwa ndi a Gwanda Chakuamba. Bingu wa Mutharika anamwalira ali pampando mu April 2012 ali ndi zaka 78, mayi Joyce Banda n'kulowa m'malo. Anansi athu a ku Nsipe ku Ntcheu akudziwanso kuti tsoka siliona msinkhu, poti a Saulos Chilima anatisiya pa ngozi ya ndege pa 10 June 2024 ali ndi zaka 51 zokha. Gawo 87 la malamulo limanena chochita pulezidenti akalephera kugwira ntchito chifukwa cha matenda: gulu la madokotala oima paokha litsimikize, wachiwiri kwa pulezidenti ndi nduna zoposa theka asainire, chikalatacho chipite kwa sipikala wa Nyumba ya Malamulo. Chovuta n'choti ndunazo anazisankha ndi yemwe akudwalayo, ndiye kusaina si kwapafupi. Choncho woimira akakhala wa zaka zambiri, mutsegulirenso tsamba wachiwiri wake m'kope lija, ndipo mumuyeze ngati mukusankha pulezidenti.

Sitikugwirizana ndi malire a zaka. Nambala ngati 70 ingachotse anthu amphamvu zawo n'kusiya ofooka a zaka 62, ndipo lamulo lotere limapindika mosavuta: Uganda inali ndi malire a zaka 75, n'kuwachotsa mu 2017 pamene Yoweri Museveni ankayandikira msinkhuwo. Mtsutso ndi woyenera kuumvera wonse ngakhale ena ajombe. Chimene tikupempha aphungu athu a ku Dedza chisanafike chisankho cha 2030 ndi lamulo loti aliyense amene mapepala ake alandiridwa ndi bungwe loyendetsa zisankho la MEC aime pa mtsutso kosachepera kawiri, kamodzi m'Chichewa chokhachokha, ndipo achiwiri awo akhale ndi tsiku lawolawo.