Kathumba koyezera mankhwala ozunguza bongo kamathandiza kufufuza, koma si umboni womangira munthu

Tikunena kathumba ka pulasitiki kokwana m'chikhatho, kamene apolisi m'mayiko ambiri amayenda nako kuti ayeze pomwepo ufa kapena timibulu tomwe apeza m'thumba la munthu kapena m'galimoto. Ku America kamodzi kamagulidwa pafupifupi madola awiri, ndipo zotsatira zimatuluka mphindi imodzi kapena ziwiri zisanathe. Kutchipa ndi changu chimenecho ndi zomwe zinakafalitsa.

Koyezera kokeni, kotchedwa Scott, kanayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1973. M'kati mwake muli timabotolo titatu ta galasi lopyapyala. Mumathiramo kaufa kochepa kwambiri, kosafika ngakhale kambewu ka mpunga, n'kutseka pakamwa ndi kachitsekero kake. Kenako mumafinya kabotolo koyamba mpaka kasweke. Muli cobalt thiocyanate, ndipo ngati muli kokeni mumaoneka mtundu wa buluu. Kachiwiri kali ndi asidi wa hydrochloric, amene amachotsa buluu uja madzi n'kukhala a pinki. Kachitatu kali ndi chloroform: mukakhutchumula, madzi amagawikana, pinki pamwamba, buluu pansi. Masitepe onse atatu ayenera kutuluka motsatana chonchi. Buluu wa poyamba pa yekha sanena kalikonse, koma munthu wofulumira amaimira pomwepo n'kutulutsa unyolo.

Palinso ka Marquis, kosakaniza formaldehyde ndi asidi wa sulfuric, komwe kamasanduka pepo kakakhudza heroin kapena morphine, ndi kofiirira ngati lalanje lodera kakakhudza methamphetamine. Ka chamba kamatchedwa Duquenois-Levine.

Chabwino chake n'chakuti kamachepetsa kungoganizira. Kwa wofufuza amene ali ndi katundu wambiri wokayikitsa, kamamuuza zomwe ayambe kutumiza ku labotale. Apa ndiye pothera ntchito yake.

Vuto n'lakuti mankhwala a m'timabotoloti sazindikira kokeni kapena heroin mwachindunji. Amangosintha mtundu akakumana ndi gulu lonse la zinthu zopangidwa mofananirako. Cobalt thiocyanate amasanduka buluu ndi zinthu zina zoposa 80, kuphatikizapo lidocaine wochititsa dzanzi, diphenhydramine wa m'mankhwala a chimfine ndi ziwengo, ndi mankhwala ena otsukira m'nyumba. Mukathira ufa wochuluka, zinthu zina zosakhala kokeni zimatha kudutsa masitepe onse atatu. Kuzizira kumachedwetsa mtundu, kutentha kumaufulumizitsa, ndipo kathumba komwe kakhala miyezi m'galimoto yotentha sikangadaliridwe. Ndiye pali diso la woyeza. Kusiyanitsa lalanje lodera ndi kofiirira wamba usiku, m'mbali mwa msewu, magetsi a buluu ndi ofiira a galimoto ya polisi akuthwanima, n'kovuta ngakhale kwa katswiri, nanji munthu amene watsimikiza kale mumtima kuti wagwira chigawenga.

Zotsatira zake zalembedwa. Mumzinda wa Orlando ku America mu 2015 bambo wina anamangidwa chifukwa cha tizidutswa ta shuga wouma wa pa donasi tomwe kathumba kanati ndi methamphetamine. Ku Georgia, dera lina la dziko lomwelo, mayi wina anakhala m'ndende miyezi yoposa itatu chifukwa cha switi yonga thonje, poti belo yake inali yokwera moti sakanakwanitsa. Atolankhani a ProPublica anaonetsa mu 2016 kuti mumzinda wa Houston, ku America komweko, anthu oposa 200 anapezeka olakwa pa milandu yomwe labotale inadzapeza kuti chomwe anagwidwa nacho sichinali mankhwala oletsedwa n'komwe. Ambiri anavomera mlandu msanga, ndipo chifukwa chake n'chomveka: kuvomera kumakutulutsa m'masabata ochepa, kukana kumakusunga m'chitokosi kudikira labotale yomwe ili ndi mulu wa ntchito. Akavomera, nthawi zambiri palibenso amene amakayeza ufa uja ku labotale. Mu 2024 bungwe la Quattrone Center la pa yunivesite ya Pennsylvania linayerekezera kuti anthu pafupifupi 30,000 amamangidwa molakwika chaka chilichonse ku America chifukwa cha timatumbati. Chodabwitsa, unduna wa zachilungamo wa dzikolo unanena kale mu 1978 kuti zoyezera zotere zisamatengedwe ngati umboni.

Kwa bungwe lomwe likufunabe kugula, malangizo athu ndi awa. Onani tsiku lotha ntchito pa bokosi ndipo musunge pamalo pozizira bwino. Yezani pamalo owala, tchati cha mitundu chili pambali, ndipo mujambule sitepe iliyonse. Siyani ufa wokwanira kuti ukayezedwe ndi makina a ku labotale otchedwa GC-MS, omwe amasiyanitsa chinthu chilichonse pachokha. Valani magolovesi, chifukwa asidi wa m'timabotolo amawotcha khungu ndipo magalasi osweka amatha kuboola pulasitiki. Kwa loya kapena wachibale wa womangidwa, funso loyamba likhale lakuti lipoti la labotale lili kuti, ndipo womangidwayo asavomere mlandu lisanabwere.

Pa nyenyezi zisanu tikupereka zitatu ngati chida choyambira kufufuza. Ngati maziko otsekera munthu, sitikupereka ngakhale imodzi. Apolisi a ku Houston anasiya kukagwiritsa ntchito mu 2017.