Graham Beck Brut: botolo losayenera kuthera pa suti ya mkwati

Kwathu chilichonse chomwe chimatulutsa thovu chikatsegulidwa timangochitcha shampeni. Pa ukwati wa mchemwali wanga ku Zomba, itakwana nthawi yoti akwati amwetsane, mnyamata wina wa pamzere anagwedeza botolo ndi manja onse awiri n'kuliphulitsa. Theka linathera pa suti ya alamu anga, lina pa keke. Amayi analuluta, ine ndinaomba nawo m'manja. Chotsalacho tinagawana timadontho m'matambula a pulasitiki, ndipo chinali chotsekemera ngati Sobo wochepa madzi. Pa nthawiyo ndinkadziwa kuti shampeni ndi ameneyo basi, ndipo ntchito yake ndi yonyowetsa anthu.

Pano ndatha zaka 9 ndikuperekera zakudya m'malesitilanti a ku Cape Town. Mabotolo amene ndatsegulira anthu ena sindingawawerenge, koma amene ndagula ndi ndalama yanga ndi ochepa, chifukwa malipiro a weta amadikiridwa ndi landilodi kuno komanso fetereza kumudzi. Mwa ochepawo, lomwe ndagula mobwerezabwereza ndi Graham Beck Brut, ndipo ndilo ndikufuna kukuuzani.

Poyamba tikonze dzina. Ameneyu si shampeni. Dzina lija ndi la vinyo wochokera kuchigawo cha Champagne ku France kokha, ndipo eni ake salola kuti wina alibwereke. Wa kuno ku South Africa, akapangidwa mwa njira yofanana ndi ya ku Champagne, amatchedwa Cap Classique, dzina lomwe opanga vinyo anagwirizana mu 1992. Anthu ambiri amangoti MCC, chidule cha Méthode Cap Classique. Woyamba kuyesa anali Frans Malan wa ku munda wa Simonsig ku Stellenbosch, yemwe mu 1971 anatulutsa Kaapse Vonkel. Ndiye kuti ntchitoyi yangodutsa pang'ono zaka 50. Poyerekeza ndi Afalansa, awa ndi ana a dzulo, koma ana a dzulowa akula msangamsanga.

Njira yake ndi yomwe imasiyanitsa botolo ili ndi lija la pa ukwati. Ambiri mwa otchipa otsekemera aja amangowapopera mpweya ngati mmene amachitira ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi. Nchifukwa chake thovu lake limakhala lalikululikulu, limakupweteka m'mphuno, ndipo pakangotha mphindi zochepa tambula yangoti zii. Cap Classique ndi wina. Mphesa amazithyola msanga, cha mu Januwale, zisanapse kwambiri, zikadali zowawasa. Akapanga vinyo wamba, amamuthira m'botolo pamodzi ndi shuga pang'ono ndi yisiti, n'kutseka. Vinyoyo amawiranso kachiwiri m'botolo momwemo, ndipo mpweya posowa kothawira umasungunukira m'kati. Aliyense amene anaiwalapo thobwa m'chigubu chotseka kwa masiku atatu akudziwa zomwe ndikunena. Mphamvu ya mpweya m'botolo lotere imafika pafupifupi katatu kuposa ya m'tayala la galimoto, n'chifukwa chake botolo lake limakhala lolemera ndipo chotsekera chake amachimanga ndi waya.

Yisiti uja akamaliza ntchito amafa n'kukhala nsenga pansi, ndipo apa m'pamene pagona kukoma. Botolo amaligoneka m'chipinda chozizira, vinyo ali pamodzi ndi nsengazo. Kale lamulo linkati miyezi 9 yakwana, pano analikweza kufika miyezi 12, ndipo opanga odzilemekeza amapitirira pamenepo. Ku Champagne botolo silituluka miyezi 15 isanakwane. Pomaliza amapendeketsa botolo pang'onopang'ono mpaka nsenga zonse zitasonkhana kukhosi, amaumitsa khosilo ndi chisanu, n'kutsegula kuti kachibuma ka nsengako katuluke kokha. Ndikamva anthu akuti vinyo wa thovu wa kuno wasintha, ine ndimaona kuti chasintha kwenikweni ndi kudekha. Opanga aphunzira kudikira.

Graham Beck ali ku Robertson, m'chigwa cha mtsinje wa Breede, ulendo wa maola awiri pa galimoto kuchokera ku Cape Town. Dothi la kumeneko lili ndi miyala ya laimu yambiri, zomwe mphesa za Chardonnay zimakonda. Brut wawo amasakaniza Chardonnay ndi Pinot Noir. Mwini dzinalo anali munthu wa bizinesi ya migodi ya malasha, koma amene anaumba kukoma kwa vinyoyu ndi Pieter Ferreira, yemwe anayamba ntchito kumeneko mu 1990, ndipo anzake amamutcha Mr Bubbles. Mu 2016 kampaniyi inasiya kupanga vinyo wamba n'kutsala ndi wa thovu yekha. Weta aliyense wa ku Cape amaloweza nkhani imodzi yokhudza botolo ili: linamwedwa pa mwambo wolumbiritsa Nelson Mandela mu 1994, ndiponso banja la Barack Obama linalitsegula pokondwerera chisankho cha 2008. Nkhaniyi ndainena pa matebulo kambirimbiri moti ndikhoza kuinena ndili m'tulo. Imagulitsa, makamaka kwa alendo a ku America. Koma munthu sumwa mbiri, ndiye tiyeni ku tambula.

Mtundu wake ndi wagolide wotuwira, ngati udzu wa mu Julayi. Thovu lake ndi laling'onoling'ono, limakwera mondondozana kuchokera pansi pa tambula ndipo silitopa msanga. Mukanunkhiza mumamva apozi wobiriwira, ndimu, kenako kafungo kena komwe poyamba kanandisokoneza: fungo la buledi wongotuluka kumene mu uvuni. Limenelo ndi la nsenga zija. Pakamwa ndi wowawasa bwino, wosatsekemera, ndipo ukameza m'kamwa mumatsala moyera ngati watsukuluza. Mawu oti Brut pa botolo amatanthauza kuti shuga wake sapitirira magalamu 12 pa lita.

Ndinene zoona, tsiku loyamba sindinamukonde. Lilime loleredwa ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga silivomera zinthu zotere tsiku limodzi. Mayi a kunyumba atalawa anakwinya nkhope n'kundifunsa kuti, "Abambo, ndalama zonse zija mwagulira madzi a mandimu?" Ndinasowa choyankha, popeza nanenso mumtima ndinkadzifunsa zomwezo.

Chomwe chinatitembenuza ndi nsomba. Lamlungu lina tinagula snoek kwa anthu ogulitsa pa galimoto m'mbali mwa msewu, nsomba yaitali ya minga yambiri yomwe anthu a ku Cape amaiotcha pa makala ataipaka jamu wa apricot. Ife tinangoithira mchere ndi ndimu, chikwathukwathu, n'kuphika nsima ndi kachumbali wa tomato ndi anyezi. M'filiji munali botolo lomwe ndinapatsidwa kuntchito pa Khirisimasi. Snoek ndi nsomba yamafuta, ukadya nthuli zingapo m'kamwa mumalemera. Ndinamwa pang'ono, ndipo kuwawasa kuja komwe tinkadandaula kunachotsa mafuta onse, nthuli yotsatira inakoma ngati yoyamba. Mayi anandilanda tambula. Sananene kuti ndinkalondola, amayi athu sanena zimenezo, koma botolo linatha mbale zisanatsukidwe.

Kuchokera tsiku limenelo ndamuyesa ndi zakudya zambiri zakwathu. Ndi usipa wokazinga wouma bwino, womwe achimwene ena amabweretsa pa basi kuchokera ku Mangochi, ndi ukwati wa pa tchalitchi. Ndi tchipisi cha mchere, nkhuku yootcha, ngakhale mtedza wokazinga, zimayenda. Ndimalakalaka nditamuyesa ndi chambo chongovuulidwa kumene ku Nyanja, pa mchenga wa ku Cape Maclear, osati chouma ndi chisanu chomwe timachipeza kuno. Koma ndi tsabola wa kambuzi musayerekeze, thovu limakoleza moto pa lilime ndipo vinyo simumumvanso. Ndi keke ya ukwati ndiye ayi ndithu, shuga wa keke amamuchititsa kumveka wowawa ngati mankhwala. Amene lilime lawo silingasiyane ndi shuga afunefune botolo lolembedwa kuti Demi-Sec kapena Nectar. A Graham Beck ali nalo lotchedwa Bliss Nectar, ndipo ndilo limene apongozi anga analivomera atabwera kudzaona mdzukulu.

Malo abwino ophunzirira kusiyana kwa mabotolowa ndi chikondwerero cha Cap Classique ndi Champagne chomwe chimachitikira ku Franschhoek nyengo yotentha ikamayamba, pa kapinga wa pafupi ndi chipilala cha Huguenot Monument. Tawuniyi inakhazikitsidwa ndi Afalansa othawa mazunzo a chipembedzo omwe anafika ku Cape cha mu 1688, ndipo mpaka lero minda yambiri ili ndi mayina a Chifalansa. Tinapitako kamodzi, titasunga ndalama miyezi iwiri. Ndinavala shati yoyera, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti ndikuoneka ngati ndili pa ntchito. Mayi anaseka mpaka misozi.

Ubwino wa malo otere ndi woti umalawa pang'onopang'ono kwa opanga ambiri, wina pambuyo pa mnzake, wa ku France ali pomwepo pafupi ndi wa ku Robertson. Ndinalawa Kaapse Vonkel, yemwe kwa ine ali ndi zipatso zambiri pakamwa ndipo ndi wosavuta kwa munthu woyamba kumene. Ndinalawa Krone wa ku Tulbagh, komwe mphesa amathyola usiku kukadali kozizira, ndi Pongrácz yemwe amapezeka pafupifupi m'sitolo iliyonse ya mowa. Kenako ndinapereka makuponi olawira ochuluka kuti ndilawe shampeni weniweni. Anali wabwino, sindikana, fungo la buledi lija linali lozama kuposa. Koma kusiyana kwa kukoma sikunafanane ndi kusiyana kwa mtengo. Pa ndalama ya botolo limodzi la ku France ukhoza kunyamula mabotolo angapo a kuno, ndipo pa tebulo la nsomba sindikhulupirira kuti alendo ambiri angadziwe lomwe ndi liti. Tinalawanso oyster za ku Saldanha Bay, zomwe azungu amazimeza zosaphika ndi vinyo ameneyu. Ine ndinameza ziwiri. Mayi anayang'ana, anati kwawo nkhono sadya, nkhani inathera pomwepo.

China chomwe ndinaona ku Franschhoek: kumbuyo kwa matebulo ambiri kunali abale akwathu ndi a ku Zimbabwe, ena akuthira, ena akunyamula ayezi. Mmodzi atandimva ndikulankhula ndi mayi anandinong'oneza kuti, "Achimwene, lero mwakhala mbali inayo?" N'kundithirira mopyola pang'ono pa mzere. Timawadziwa mavinyowa kuposa anthu ambiri omwe timawathirira, koma ndi ochepa mwa ife amene anakhalapo pansi n'kumwa tambula yathunthu.

Za kumwera ku lesitilanti ndili nazo mawu, ngakhale ndi kumene ndimadyera. Pa tsiku lokumbukira ukwati wathu tinapita pa malo ena a m'mbali mwa nyanja, dzina ndisunge. Tinaitanitsa botolo la Cap Classique pa mtengo woposa kawiri wa m'sitolo, zomwe ndinkayembekezera, poti lendi ndi malipiro athu zimachokera momwemo. Chomwe chinandipweteka n'choti linabwera lofunda. Mnyamata analitsegula mophulitsa ngati tili pa ukwati wa ku Zomba uja, thovu linatayikira pa nsalu, ndipo ndowa ya ayezi inafika titamwa kale theka. Matambula anali onunkha sopo, ndipo sopo amapha thovu. Sindinakalipe, ndikudziwa mmene Loweruka usiku limakhalira ukakhala ndi matebulo 8 wekha, ndipo mwina palibe anamuphunzitsa. Tipi ndinasiya. Koma botolo lomwe munthu analidikira chaka chathunthu ndi miyezi linaonongeka m'mphindi zisanu.

Kutsegula kwake sikovuta. Botolo likhale m'filiji maola atatu, kapena theka la ola mu ndowa ya madzi ndi ayezi, osati mufiriza. Mukamasula waya chala chachikulu chisachoke pa chotsekera, ndipo musalozetse kwa munthu, chifukwa chimatha kuphulitsa diso. Gwirani chotsekeracho, muzipotokola botolo, osati chotsekera, mpaka limveke ngati munthu wausa moyo. Matambula aatali opyapyala aja amaoneka bwino pa chithunzi cha pa Facebook, koma ine ndimakonda tambula wamba ya vinyo woyera, fungo limatuluka bwino. Ndipo zoika supuni kukamwa kwa botolo kuti mpweya usathawe ndi nthano chabe, gulani kachotsekera kachitsulo, mawa lake mudzapeza thovu likadalipo. Ngati mukufunabe kukadyera kunja, funsani kaye ngati amalola kubwera ndi botolo lanu. Malesitilanti ambiri a ku Cape amalola, mumangolipira kandalama kotchedwa corkage, ngakhale ena amakana pa vinyo wa thovu.

Mu Disembala tikupita kumudzi, mphwanga akukwatira ku Machinga. Ndagula kale mabotolo atatu. Awiri ndi otsekemera otchipa aja, oti anyamata a pamzere agwedeze mmene angafunire. Lachitatu ndi Graham Beck Brut, ndalikulunga m'chitenje pakati pa zovala za mayi kuti lipirire mabampu a ku Tete. Limenelo lidzatuluka alendo atabalalika, ndipo ndatumiza kale uthenga kwa amalume ku Liwonde kuti adzatisungire chambo chinayi.