KIA kapena Chileka: kwa ife a ku Ntcheu ndi Dedza, pafupi ndi pati?

Mlamu wanga akubwera kuchoka ku Joni mwezi wamawa, ndiye dzulo anandifunsa pafoni kuti, "Alamu, nditsikire ku Lilongwe kapena ku Blantyre?" Wokamutenga ndi ineyo, mafuta ndi anga, ndiye yankho ndinaliganizira bwino.

M'mwamba mulibe nkhani. Kuchoka ku Johannesburg, ndege imatenga maola awiri ndi mphindi zingapo, kaya yatera ku Chileka, bwalo la ndege la ku Blantyre, kaya ku KIA (Kamuzu International Airport), la ku Lilongwe. Chileka ili kumwera, choncho imapambanako pang'ono. Nkhani ili pansi, pa M1.

Msewu wa Lilongwe kukafika Blantyre kudzera ku Zalewa ndi makilomita opitirira 300, ndipo boma la Ntcheu lili cha pakatikati. Wina anganene kuti ndiye n'chimodzimodzi. Ayi ndithu. KIA ili ku Lumbadzi, makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa mzinda, kutanthauza kuti ife ochokera kumwera tiyenera kuwoloka Lilongwe yense. Ngakhale mutakhotera pa Bunda n'kudzera ku bypass, Kanengo ikudikirabe ndi mathiraki ake. Tsiku lina ndinaima pamenepo kumbuyo kwa thanki ya mafuta, mayi anga atafumbata pasipoti pachifuwa, akundifunsa nthawi mphindi iliyonse.

Chileka ndi ina. Mukadutsa Chingeni, Phalula, n'kuwoloka Shire pa Zalewa, mumapitirira Lunzu n'kukhotera pa Kameza. M'tauni simulowamo. Kutentha kwa pa Zalewa kokha ndiye konzekerani, makamaka ife ozolowera mphepo ya kumapiri. Za toll gate musawerengere, mbali zonse mulipira: kumwera pa Chingeni, kumpoto pa Kalinyeke.

A ku Dedza musavutike mutu. Lilongwe ili makilomita pafupifupi 85 kuchoka pa boma, pamene Blantyre ndi yopitirira 200. KIA ndi yanu. Ovutika ndi a pa Lizulu ndi mphambano ya Tsangano, koma ine ndikanakhala kumeneko ndikanapitabe KIA, kupatula ngati ndege ikutera nthawi yoweruka.

Nanga yokwera ndege pakati pa mabwalo awiriwa? Ilipo, Malawi Airlines imauluka, ndipo sikwana ola limodzi. Kwa munthu wa ku Area 47 amene ali ndi msonkhano ku Limbe, ndi yabwino. Kwa ife ndi kuseketsa anthu: uchoke ku Ntcheu maola atatu kupita ku Lumbadzi, udikire pabwalo, kenako ndege ikudutsitse pamwamba pa dimba lako la kachewere.

Chimodzi chokha onetsetsani pa tikiti: ndege zina zimayamba zatera bwalo limodzi zisanapite linalo, ndiye wotsikira lachiwiri amachedwa.

Mlamuyo ndamuuza agule ya Chileka. Akuti katundu ndi wambiri, ndibwereke pikapu.