Mtanthauziramawu uja patatha miyezi 14: pamene amandithandiza ndi pamene amandisiya panjira

Nditangogula mtanthauziramawu wa Chingerezi ndi Chichewa chaka chatha, ndinalemba mwachidule kuti bukuli lili ndi mawu ochuluka, zilembo zake n'zowerengeka ngakhale pa kuwala kwa nyali, ndiponso kuti mtengo wake, ngakhale unali wokwera, sunandidandaulitse. Tsopano papita miyezi 14 ndikuligwiritsa ntchito pafupifupi tsiku lililonse pomasulira timapepala ta zaumoyo, makalata a mpingo ndi zolengeza za pa wailesi. Zambiri zimene ndinanena sindikuzibweza, koma pali gulu limodzi la mawu pamene bukuli landikhumudwitsa mobwerezabwereza, ndilo la mawu onena za kusweka kwa zinthu, kudukiza kwa ntchito ndi kusokonekera kwa mtendere.

Za kulimba kwake ndinene pang'ono chabe. Chikuto chinang'ambika pangodya, msana unathyoka m'dzinja chinyezi chitafewetsa guluu, ndipo masamba anayi a chilembo B anathothoka, moti ndinawamata ndi selotepi. Sindikudabwa kuti ndi masamba amenewo, chifukwa ndi pamene pali mawu akuti break, ndipo chala changa chapitapo kambirimbiri.

Pansi pa mawu amenewa bukuli langondandalika aneni athu motsatizana: kuswa, kuthyola, kuphwanya, kudula, kugumula, kunyema. Palibe lolakwika mwa onsewa, koma palibenso chimene chikuuza wowerenga kuti mneni uti amayenda ndi chinthu chiti, pamene m'Chichewa chimene chimasankha mneni ndi chinthu chowonongekacho. Mphika umasweka, ndodo imathyoka, chingwe chimaduka, chitenje chimang'ambika, kapu imabenthuka pamlomo, khoma limayamba lang'aluka kenako n'kugumuka, ndipo nsima ndi mkate timanyema. Mwana wa zaka zisanu sanganene kuti wathyola mphika kapena kuti waswa chingwe, koma mlendo amene wadalira mndandanda uja anganene zimenezo ali ndi chikhulupiriro chonse kuti buku lamulola. Aneniwa amapitanso kutali ndi kuwononga. Timaswa mtedza, nkhuku imaswa anapiye, amayi amathyola nkhwani kudimba, akuba amathyola nyumba, malungo amaphwanya m'thupi, ndipo wapolisi wankhanza amaphwanya ufulu wa munthu. Chondiseketsa n'chakuti tikati wina akuthyola Chizungu timakhala tikumutama kuti chilankhulocho chikutuluka bwino, pamene Angerezi akati broken English amatanthauza Chingerezi chopunduka.

Vutoli si la Chichewa chokha. Akatswiri a ku Max Planck Institute for Psycholinguistics mumzinda wa Nijmegen ku Netherlands, mwa iwo Asifa Majid ndi Melissa Bowerman, anaonetsa timakanema 61 ta anthu akudula, kung'amba ndi kuswa zinthu kwa olankhula zinenero 28, n'kuwapempha kuti afotokoze zimene aona. Olankhula Yélî Dnye, pa chilumba cha Rossel ku Papua New Guinea, anagwiritsa ntchito aneni atatu okha, pamene olankhula Tzeltal ku Mexico anapitirira 50. Komabe zinenerozo zinagwirizana pa mfundo imodzi, yosiyanitsa kulekana kumene munthu angadziwiretu malo ake, monga podula ndi mpeni, ndi kumene sangadziwiretu, monga mbale ikagwa pansi. Nditawerenga zimenezi ndinaona kuti kudula ndi kuswa kwathu kuli pa malire omwewo, ndipo ndinazindikira kuti mtanthauziramawu akanatha kufotokoza kusiyanaku m'mizere iwiri yokha.

Pamene bukuli linandichititsa manyazi ndi pa kapepala ka kolera. Chingerezi chake chinali ndi mawu akuti break the chain, ndipo ine, chifukwa cha changu, ndinatsegula bukulo n'kulemba kuti tiyenera kudula unyolo wa matenda. Mlangizi wa zaumoyo amene anapemphedwa kuti aone ntchitoyo asanakaisindikize, mayi wachikulire wozolowera kulankhula ndi anthu pamjigo, anawerenga chiganizocho kawiri, anavula magalasi, n'kundifunsa kuti, “Bambo, unyolo wake uti? Anthu akafuna kuuona ndikawaonetsa chiyani?” Tinalemba kuti tiyenera kuteteza kuti matendawa asafalikire kuchoka kwa wina kupita kwa mnzake. Tsiku lomwelo anandikumbutsa kuti mliri umabuka, ndiponso kuti kwa mayi woyembekezera chimene chimasweka ndi nsupa. Mlandu wa unyolo uja ndi wanga, popeza Chichewa ndinayamwira, koma buku lokhala ndi zitsanzo likanandibweza ndisanafike kwa mayiyo.

Pa mawu a kudukiza, bukuli limatchula kusokoneza pafupifupi paliponse. Mawu a Chingerezi akuti interrupt, disrupt, erupt, corrupt ndi rupture onse amachokera ku mneni mmodzi wa Chilatini, rumpere, amene tanthauzo lake ndi kuswa, ndipo romper wa Chipwitikizi, amene abale athu a ku Tete amamudziwa, ndi wa muzu womwewo. Kwa ife zimenezi ndi nkhani zosiyanasiyana. Wolankhula timamudula mawu, magetsi amathima, mvula imadula pakati pa dzinja chimanga n'kuyamba kufota, ndipo msonkhano umaimitsidwa. Funso lofunika kwa womasulira ndi lakuti chinthu chaimacho chidzayambiranso kapena ayi. Chijeremani chimayankha ndi mayina awiri, Unterbrechung pa kuima kwa kanthawi ndi Abbruch pa kulekeratu, pamene ife timayankha ndi tinthu tating'ono: kuimitsa kaye n'kosiyana ndi kusiyiratu. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, kamawu kakuti kaye ndi kamene kankauza kholo kuti mwana adzabwereranso m'kalasi. M'bukuli simupeza malangizo otere. Ndiyamikire kuti lili ndi mawu akuti buleki, amene ife tinawalandira kawiri, pa kupuma kwa ana asukulu ndi pa mabuleki a galimoto, ngakhale kuti Angerezi eni ake amawalemba mosiyana, break ndi brake.

Chovuta kwambiri chili pa mawu a kugwedezeka kwa dziko. Upheaval, disorder, unrest ndi turmoil onse apatsidwa chisokonezo, ngati kuti Chichewa n'chosauka pamenepa. Chipwirikiti ndi pamene anthu akuthamanga uku ndi uku osadziwa kolowera, mpungwepungwe ndi kukokanakokana kosatha m'chipani kapena m'banja, ziwawa zili ndi miyala ndi magazi, zipolowe zimanena za khamu lolusa, ndipo zionetsero zingakhale zabata kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Womasulira akasankha zipolowe m'malo mwa zionetsero, waweruza kale mlandu. Zimene zinachitika mu Januwale 1915 atsamunda anazitcha kuukira boma, pamene makolo athu ankati nkhondo ya Chilembwe, dzina lovomereza kuti panali mbali ziwiri zolimbana. Mitundu ina imachitanso chimodzimodzi. Mfecane, dzina la nkhondo ndi misamuko ya kumwera kwa Africa imene inachititsa kuti Angoni a Zwangendaba awoloke Zambezi mu 1835, amalimasulira kuti kuphwanya. Intifada, dzina la kulimbana kwa Apalestina ndi ulamuliro wa Israeli kumene kunayamba mu 1987, ndi mawu a Chiarabu onena za kusasa chinthu monga momwe munthu amasasira fumbi pa chovala. Ajeremani amatcha kusintha kwa ndale kwa mu 1989, pamene khoma la Berlin linagwa, kuti Wende, ndiko kutembenuka, mawu opanda chiwawa m'kati mwake. Sindikuyembekezera kuti mtanthauziramawu aphunzitse mbiri yonseyi, koma akanayenera kuchenjeza kuti mawuwa salemera mofanana.

Njira imene ndapeza ndi yoyenda chobwerera. Mawu alionse amene mbali ya Chingerezi yandipatsa ndimakawayang'ananso ku mbali ya Chichewa, kumene ntchito inagwiridwa mosamala kwambiri ndipo zitsanzo zimapezekako mwa apo ndi apo. Izi zimadya nthawi, koma zandipulumutsa kangapo. David Clement Scott, m'mishonale wa ku Blantyre, potulutsa mtanthauziramawu wake wa Chimang'anja mu 1892 anadzazamo ziganizo zosonyeza mmene anthu ankagwiritsira ntchito mawu, ndipo chimenecho n'chimene ndikuchisowa kuno. Kwa amene Chichewa n'chakwawo ndipo akufuna tanthauzo la mawu a Chingerezi, bukuli n'loyenera kugula, ndipo langali likatha ndidzagula lina. Wophunzira Chichewa aligule ali ndi munthu pafupi womufunsa.

M'mphepete mwa masamba omatidwa aja ndakhala ndikulemba ndi pensulo mneni aliyense pamodzi ndi chinthu chake, ndipo malo atsala pang'ono kutha. Mzere womaliza ndinawonjezera sabata yatha, azakhali atalowa m'nyumba n'kunena kuti mphepo ya usiku yakhadzula nthambi ya mango.