Ndemanga yanga ya lenzi ya kamera ya Sigma 150-600mm Contemporary, patatha miyezi 8 ndikujambula mbalame

Ndinadikira dala ndisanalembe ndemangayi chifukwa sabata ziwiri zoyamba ndikanalemba zinthu zolakwika, ndinali wokhumudwa kwambiri. Pano ndaigwiritsa ntchito mokwanira ndiye ndikuuzeni mmene ndaionera, makamaka kwa anzanga amene mukufuna kujambula mbalame koma thumba silikulola kugula ma lenzi aakuluakulu aja a 500mm f/4 kapena 600mm f/4.

Ine ndinayamba ndi lenzi ya 70-300mm pa kamera ya Nikon D7200. Ndi lenzi yabwino, yopepuka, koma pa mbalame 300mm ndi yochepa, izi palibe kuzungulira. Njiwa kapena khwangwala umatha kujambula bwinobwino chifukwa zazolowera anthu, koma timbalame ting'onoting'ono monga timba ukangoyandikira pang'ono tathawa, ndiye umajambula uli patali kenako pa kompyuta nkumakropa mpaka nthenga zonse kusanduka phala. Mpamene ndinadziwa kuti chinthu choyamba pa mbalame ndi kufika patali, zina zonse zimabwera pambuyo.

Ndinayerekeza ma lenzi angapo. Tamron 150-600mm G2 imafokasa pafupi kuposa iyi, mamita 2.2 pomwe Sigma ndi 2.8, komanso phazi lake limalowa pa mutu wa tripod wa Arca-Swiss popanda kugula mbale ina. Nikon 200-500mm ili ndi ubwino woti imakhala pa f/5.6 zoom yonse (nambala ya f ikakhala yaing'ono lenzi imalowetsa kuwala kochuluka), koma imalemera pafupifupi makilogalamu 2.3 ndipo imathera pa 500. Panalinso Sigma 100-400mm yomwe ndi yopepuka kwambiri, kilogalamu imodzi ndi pang'ono, ndinaiganizira masiku ambiri ndithu. Koma ndinadzifunsa kuti vuto langa ndi chani kwenikweni, yankho linali loti mbalame zikuoneka zazing'ono mu chithunzi, ndiye kuchoka pa 300 kupita pa 400 ndinaona kuti ndidzadandaulabe. Ndinatenga 150-600mm f/5-6.3 Contemporary chifukwa pa ndalama zomwe ndinali nazo ndi imene inkandifikitsa pa 600mm nkunditsalira kangachepe kogulira monopod, mwendo umodzi wochirikizira kamera. Musaisokoneze ndi ya Sports, dzina nlofanana koma ija ndi yolemera kwambiri, pafupifupi makilogalamu 2.9, komanso yodula.

Pa kamera ya sensa yaing'ono ngati yangayi 600mm imaoneka ngati 900mm chifukwa sensa yotere, yotchedwa APS-C, imachulukitsa ndi 1.5x, a Canon a APS-C ndi 1.6x ndiye 960mm. Tsiku loyamba kuyang'ana mu viewfinder nkuona diso la mbalame yomwe kale inkangokhala kadontho pa nthambi mtima unadumpha, sindinama.

Koma zithunzi za sabata zoyamba zija zinali zosaoneka bwino, pafupifupi zonse zogwedera. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndagula chinthu chosayenera. Kenako nditayang'ana ma setting a chithunzi chilichonse ndinapeza kuti ndimajambula pa liwiro la shutter la 1/250 ya sekondi mmene ndinazolowera pa lenzi yakale, pomwe pa 600mm kagwedezeko kakang'ono ka dzanja, ngakhale kupuma kumene, kamakula kwambiri. Lenziyi ili ndi OS yothandiza kuti dzanja lisagwedeze chithunzi, koma OS siimitsa mbalame, mbalame mutu wake sukhazikika olo itatera. Pano ikakhala pa nthambi sinditsika pa 1/800 ngati kuwala kulipo, ikamauluka ndimayambira 1/2000, anamzeze amafuna kuposa pamenepo ndipo mpaka pano pa zithunzi zambirimbiri ndimasunga zochepa chabe. OS ili ndi ma mode awiri, 1 ndi ya mbalame yoima, 2 ndi yotsatira mbalame ikamadutsa cham'mbali.

Apa mpamene f/6.3 imakuuza mtengo wake weniweni. Kuti shutter ithamange chonchi pakufunika kuwala, ndipo mbalame zambiri zimatakataka mmamawa kwambiri ndi chakumadzulo, nthawi yomwe kuwala kuli kochepa. Ndiye ISO, setting yomwe imawalitsa chithunzi kuwala kukachepa, imakwera, 1600, 3200, nthawi zina kupitilira. Poyamba ndinkaopa noise, timadontho tomwe timaoneka pa chithunzi ISO ikakwera, koma ndaphunzira kuti bola chithunzi cha noise koma chakuthwa kusiyana ndi choyera koma chogwedera, noise imachepetseka pa kompyuta pomwe kugwedera sikukonzeka. Ndimaika kamera pa manual, ISO pa auto, basi. Kukakhala dzuwa labwino ndimatseka mpaka f/8 chifukwa pa 600mm pamenepo ndi pomwe ndimaona nthenga zikutuluka imodziimodzi. M'nkhalango yowirira kapena kadzidzi wa kachisisira, pamenepo musayembekezere zozizwitsa, ndi mmene zilili ndi lenzi iliyonse ya f/6.3.

Chinthu chomwe ambiri sachitchula koma kwa ine chinasintha zambiri ndi kaswitchi ka focus limiter, kosankhira mtunda womwe lenzi izisakamo fokasi. Kali ndi malo atatu, full, mamita 10 mpaka kutali, ndi 2.8 mpaka 10. Ukasiya pa full ndiye autofocus ikaphonya imayenda ulendo wonse kusaka, pobwerera mbalame yapita. Ndikamajambula zouluka ndimaika pa 10 kupita kutali ndipo imagwira msanga moonekeratu. Palinso USB Dock yogula padera yomwe umalumikiza lenzi ku kompyuta nkusintha fokasi pang'onopang'ono ndi kuika firmware, ine ndinaigwiritsa ntchito kamodzi kokha koma kwa a DSLR amene fokasi ikugwera kutsogolo kapena kumbuyo kwa mbalame ndi yothandiza.

Kulemera kwake ndi pafupifupi makilogalamu 2, pa pepala zimaoneka zochepa koma kwezani mmwamba mphindi zitatu mukudikira mbalame itembenuke, mkono umayamba kunjenjemera. Monopod inandipulumutsa. Komanso musamapachike zonsezi pa lamba wa kamera, mangilirani lamba kuphazi la lenzi kuti mount, polumikizira lenzi ndi kamera, isavutike. Lenzi imatalika ukamazuma ndipo ukailozetsa pansi imatha kutsetsereka yokha, koma pali loko ndipo chomwe ndimakonda nchoti imakhoma pa manambala onse olembedwa, osati pa 150 pokha. Filter yake ndi ya 95mm, sindinagule, hood ndiye sichoka. Za mvula samalani, rabala wotchinga madzi ali pa mount basi, kukayamba kuwaza ine ndimaiphimba.

Teleconverter ya 1.4x, kagalasi koika pakati pa lenzi ndi kamera kuti ufike patali, ndinabwerekako kwa mnzanga tsiku limodzi. Imakufikitsa pa 840mm koma ndiye uli pa f/9, ndipo ma DSLR ambiri autofocus yake imayamba kuvutika ukadutsa f/8. Sindinaone phindu, bola kukropa. Ndipo china chomwe ndinachedwa kumvetsa, mbalame ikakhala kutali kwambiri masana kukutentha mpweya umavinavina nkufewetsa chithunzi, apo olo mutakhala ndi lenzi yodula bwanji sizithandiza. Zithunzi zanga zomwe ndimazinyadira zonse ndi zomwe ndinakhala phee malo amodzi mpaka mbalame kubwera yokha pa mamita 5 kapena 8.

Ngati mukugula yogwiritsidwa kale ntchito, walitsani tochi mkati muone ngati mulibe fangasi, zumani uku ndi uku mumve ngati sikukakamira, ndipo yesani pa kamera yanu yomwe musanalipire. A makamera a mirrorless, opanda kalilole mkati, onetsetsani za mount, iyi ndi ya DSLR ndiye pamafunika adapter, ilipo ina ya DG DN yopangidwira Sony E ndi L-mount.

Ndaipatsa nyenyezi 4 pa 5. Amene mumayenda mitunda italiitali wapansi kapena mapewa amavuta tengani 100-400mm, mudzainyamula kawirikawiri. Koma ngati vuto lanu ndi lomwe linali langa, timbalame kuoneka tating'ono mu chithunzi chilichonse, iyi ndingaigulenso, ndipo monopod muiwerengere mu bajeti kuyambira pachiyambi.