Google, Facebook kapena magulu a WhatsApp, ntchito imachokera kuti?

Ine ndimakonza mafiriji ndi masitovu kuno ku Harare, ndimakhala ku Highfield, ndiye anzanga osoka ndi okonza mapaipi amene mumandifunsa kuti dzina mulisiye pati kuti anthu azikupezani, nazi zomwe ndaona ine.

WhatsApp ndi imene ikundidyetsa, sindibisa. Mayi wina akalemba m'gulu la kutchalitchi kuti abale firiji yanga yasiya kuzizira nyama ikuwonongeka ndani akudziwa munthu, wina n'kuponyamo nambala yanga, foni imalira tsiku lomwelo ndipo pa mtengo sitilimbana kwambiri poti wamulozera ndi munthu amene amamukhulupirira. Komanso ambiri kumadera kwathu kuno amagula bandulo ya WhatsApp yokha kwa Econet kapena NetOne, kwa iwo intaneti ndi imeneyo basi. Chondiwawa n'choti mawu abwino aja sachedwa kukwiririka, pofika mawa pamwamba pake pali uthenga wa maliro, mapemphero, ogulitsa nkhuku, ndipo ukaika pa status pakatha maola 24 zapita.

Google ndiye imasunga. Kulembetsa bizinesi n'kwaulere, umaoneka pa Google Maps, ndemanga ya chaka chatha imakhalabe pompo. Ondipeza kumeneko ndi a ku Avondale, Mount Pleasant, Borrowdale, anthu osandidziwa n'komwe amene amayamba aona nyenyezi zimene makasitomala amakupatsa pa ndemanga zawo asanatsegulire mlendo geti. Koma imaluma. Ndinali ndi ndemanga zinayi zonse za nyenyezi 5, bambo wina anandipatsa nyenyezi imodzi yokha chifukwa ndinafika mochedwa kombi itafera panjira, ndinatsika mpaka 4.2 tsiku limodzi. Kufufuta sungathe, umangoyankha pansi pake mwaulemu, kudandaula kwa Google kumathandiza pokhapokha ngati ndemangayo yaphwanya malamulo awo. Ndinayankha ndithu, ndinapepesa, koma mtima unandiwawa sabata yonse.

Facebook kwa ine ndi yofooka. Mu 2018 anasintha, m'malo mopereka nyenyezi munthu amangosankha kuti akukuyamikira kapena ayi, ndipo mwini peji akhoza kutseka ndemanga zonse, ndiye ena sazikhulupirira. Achemwali oluka tsitsi ndi ophika makeke imawayendera chifukwa chithunzi chimagulitsa chokha, koma firiji yokonzedwa ungaijambule bwanji?

Pano ndikamaliza ntchito ku Avondale ndimawatumizira eni firiji linki ya Google yolembera ndemanga pa WhatsApp ndisanatuluke pageti, firiji ikulira bwino iwo akadali osangalala. Kwa amayi a ku Highfield ndimangoti mayi sungani nambalayo, wina akafunsa m'gulu mundikumbukire.